Bwalo la mpira, doko ndi zisa za m'njedza: tikonze bwanji dambo lathu la ku Chilwa?

Aphunzitsi Mbewe: Moni nonse a pagulu lino, amene muli kuno kumudzi ndi inu muli kutali. Lachitatu lapitali a komiti ya chitukuko tinakumana kusukulu, ndipo nkhani imene inadya nthawi ndi ya dambo lija lili pakati pa sukulu ndi nyanja, kuyambira pa njira yopita kudoko mpaka pamene amayanika matemba. Amfumu avomera kuti malowo asagawidwenso kwa munthu, akhale a mudzi wonse. Maganizo amene anatuluka ndi akuti pakhale bwalo la mpira wa miyendo ndi wa manja, malo okhalapo anthu Lamlungu masana, kanjira koyendamo ofuna kuona mbalame, ndi chigawo china chosakhudzidwa kuti mbalame ziziswana. Mwezi wamawa tikufuna kukatula pepala la maganizowa ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse lino. Tisanalembe, tiyeni timve maganizo anu. Aliyense alankhule, pasakhale wodzanena mawa kuti sanafunsidwe.

Kochi wa Anyamata: Zikomo aphunzitsi. Ife tadikira kalekale. Anyamata akusewerera pa bwalo la sukulu lomwe lili ndi chulu pakati, ndipo matimu a ku Jali akabwera amadandaula. Malo abwino ndi aja athyathyathya kumunsi, pafupi ndi njedza, udzu wautali uja womera m'madzi. Palibe chitsa, palibe mwala, udzu umamera wokha. Tikangotentha njedza za m'mphepete ndi kusalaza pang'ono, bwalo latheka sabata imodzi.

Mai a Tadala: Achimwene Kochi, malo amene mukunenawo mwawaona mwezi uti? Chifukwa ine ndimadutsa pamenepo chaka chonse popita kumunda wa mpunga. Mu Okutobala ndi pouma gwa, nthaka yong'ambika moti phazi la mwana limalowa. Mu Febuluwale madzi amandifika m'chiuno, nsalu ndimachita kunyamula pamutu. Chaka cha namondwe Freddy, mu Malichi 2023, panadutsa bwato pamenepo. Madzi saiwala khwawa, bambo. Mukaika zigoli pamenepo mudzasewera miyezi isanu, yotsalayo mudzakhala mukuvuula mitengo.

Kochi wa Anyamata: Mayi, ligi yathu imaseweredwa chilimwe. Dzinja anyamata amakhala kumunda.

Mai a Tadala: Nanga njedza mukufuna kutenthazo? Moto wa m'njedza suima pamene wauuza. Ukayaka ndi mphepo ya mwera umapita mpaka kumadzi.

Mdzukulu wa Che Saidi: Moni akuluakulu. Foni ndi yanga koma mawu ndi a agogo, Che Saidi, ali pompano pakhonde. Ndawawerengera zonse, ndiye akuti ndilembe momwe akunenera.

Akuti: Ine ndakhala ndikutchera mbalame m'dambo limenelo kuyambira ndili mnyamata wosakwatira. Pamene a Kochi akuti ndi pathyathyathya, ife timati ndi pakhomo pa mbalame. Madzi akayamba kulowa, nadititi ndi nthutuwiri zimabwera usiku, m'mawa umangomva kulira m'udzu. Zimapinda udzu wauwisi n'kupanga kachisa konga kambale pamwamba penipeni pa madzi, ndipo madzi akakwera zimawonjezera udzu pansi kuti mazira asanyowe. Sizimanga pakati pa nyanja ayi, zimamanga pamene madzi ali ofika m'mawondo mpaka m'chiuno, pomwepo pamene mukufuna kusalazapo. Mukachotsa pamenepo, ndiye kuti chigawo chimene mukuti chotetezedwacho mudzateteza madzi opanda kanthu.

Akutinso: Koma ndifunse aphunzitsi. Pamsonkhano wanu wa Lachitatu panali wotchera mbalame ndi mmodzi yemwe? Ife tinamva kwa ana.

Aphunzitsi Mbewe: Che Saidi, pepani kwambiri. Panalibe, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwathu. Tinaitana a mpira, a mpingo, a mzikiti, a komiti ya kudoko, koma inu eni dambo tinakusiyani. Pitirizani, tikumvetsera.

Mdzukulu wa Che Saidi: Akuti: Musatione ngati adani a mbalame. Nthawi imene timatchera kwambiri ndi Januwale ndi Febuluwale, chifukwa ndiye nthawi ya njala. Nkhokwe zauma, chimanga chili m'mawondo, nyanja atseka kuti nsomba ziswane. Munthu amatenga ulusi, amapanga misampha makumi angapo, amalowa m'madzi tambala asanalire, misundu ikumuluma, kuti apeze ndiwo ndi kandalama ka ufa. Tsoka lake n'lakuti nthawi yomweyo ndi imene mbalame zili pa mazira. Ife tikudziwa zimenezi kuposa aliyense. Ukakola make, mazira asanu kapena asanu ndi limodzi afa nawo. Kale akuluakulu athu amatiletsa kutola mazira, ndipo panali malo amene sitinkalowamo. Masiku ano anthu achuluka, ena amachokera kutali ndi maukonde a udzudzu, amakokolola ndi anapiye omwe. Mukafuna malo otetezedwa, tipatseni ife kuti tiwalondere. Mukabweretsa mlonda wachilendo, tidzakangana naye, ndipo mbalame zidzatha ndithu.

Chisomo ku Chanco: Agogo anena zenizeni, ndipo zikugwirizana ndi zimene zinalembedwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza anayerekeza kuti ku Chilwa kumakoledwa mbalame zoposa miliyoni imodzi pa chaka. Pambuyo pake bungwe losamalira zachilengedwe la WESM, nthambi ya ku Zomba, linathandiza kukhazikitsa makalabu a osaka mbalame kuzungulira nyanjayi, oti azidziikira okha malo osalowamo ndi nyengo yosasaka. Ndiye maganizo a agogowa si achilendo, njira inalambulidwa kale.

Ndiwonjezere kuti tidziwe kulemera kwa malo tikukambawa. Malawi ali mu pangano la Ramsar kuyambira 1997, pangano loteteza madambo lomwe linasainidwa mu 1971 mu mzinda wa Ramsar ku Iran, ndipo Chilwa ndi malo oyamba amene dziko lathu linalembetsa. Achiwiri ndi Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, mu 2017. Mu 2006 a UNESCO anaikanso Chilwa pa mndandanda wa malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi. Kuno kwaonekapo mitundu ya mbalame yoposa 150, zina zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu, zimafika mvula ikamayandikira n'kubwerera cha mu Malichi kapena Epulo. Timbalame tija timathamanga m'matope m'mphepete mwa doko, tina mwa ito tauluka mtunda woposa umene aliyense wa ife anayendapo.

Ramsar saletsa anthu kugwiritsa ntchito dambo. Amati ligwiritsidwe ntchito mwanzeru, lisathe. Choncho pepala lathu likanena kuti osaka ndiwo alonda, silikutsutsana ndi pangano limeneli.

Yamikani ku Joni: Moni kumudzi konko. Ndawerenga zonse ndili pa basi. Ine maganizo anga ndi akuti tiganize zazikulu. Kuno ku Gauteng kuli malo otchedwa Marievale, kufupi ndi Nigel, dambo la mbalame lomwe anthu amapita ndi magalimoto Loweruka. Anamanga tinyumba ta matabwa tobisalamo, uli ndi kawindo kakang'ono, mbalame imafika pafupi osakuona. Kwathuko tikhoza kumanga mlatho wa matabwa wolowa m'njedza, malo ogulitsira zakumwa, ngakhale tizipinda togona alendo. Anthu a ku Zomba ndi ku Blantyre azibwera. Ife a kuno tikhoza kusonkha.

NaBanda wa Zaumoyo: Achimwene Yamikani, mtima wanu ndi wabwino, koma tisanafike pa zakumwa ndi tizipinda tiyambe ndi chimbudzi. Ndikunena ndi mtima wonse. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, yonse imathira muno, koma palibe wotuluka. Chilichonse chimene tataya m'dambo chimakhala nafe. Kolera wa ku Chilwa tonse tikumudziwa, mpaka mu 2016 kunabwera katemera wakumwa wa asodzi okhala pa zimbowera, tinyumba tija toyandama pa nyanja. Ndiye mukasonkhanitsa anthu mazana awiri pa mpira popanda chimbudzi, onse azikalowera kuti? M'njedza momwemo.

Ndipo chimbudzi chokumba kumunsi kuja sichingatheke, ukakumba mkono umodzi madzi atuluka. Chiyenera kukhala kumtunda, kufupi ndi sukulu. Chachiwiri ndi likodzo. Malo akangotchedwa achisangalalo, ana adzayamba kusambira m'zithaphwi zija muli nkhono. Ndimawaona ana akukodza magazi, makolo n'kumati ndiye kukula kumeneko. Pa pepala palembedwe kuti kusambira ayi, ndipo pakhale mjigo pafupi kuti ana akatopa ndi mpira asathamangire kudambo.

Mai a Tadala: Anamwino mwalasa. Chimbudzi chikakhala kumtunda, bwalo likhalenso kumtunda. Nkhani yatha yokha.

Kochi wa Anyamata: Sinathe mayi. Kumtunda kuli minda ya anthu. Malo a mudzi amene atsala ndi aja ali kuseri kwa sukulu, pali zulu ziwiri zazikulu ndi zitsa za bulugamu. Ndani azule? Aliyense akuteteza mbalame, koma anyamata amene alibe chochita madzulo akuthera ku kachasu. Ndawataya atatu chaka chino, osewera abwino. Musandione ngati wodana ndi zisa. Ndikungofuna malo oti ana awa azitopa ndi mpira osati ndi mowa.

Aphunzitsi Mbewe: A Kochi, palibe amene akupeputsa zimenezo. Ana amenewo ndinawaphunzitsa ndine, zimandiwawa chimodzimodzi.

Yamikani ku Joni: Ndiye ndalama imene ndimati ya mlatho ipite kozula zitsa. Ndilankhula ndi anzanga a kuno usiku uno. Dothi la zulu musataye, muumbire njerwa za chimbudzi cha anamwino. Koma kanyumba kobisalamo kaja musakaiwale, ndikakambabe.

Mdzukulu wa Che Saidi: Agogo aseka, akuti kanyumba kameneko iwo amamanga chaka chilichonse, kungoti amamangira kubisalira atsekwe. Akuti musagule matabwa. Chiswe ndi madzi a mchere a Chilwa zidya matabwa zaka ziwiri. Akuti mangani monga amamangira zimbowera, ndi njedza ndi nsungwi, choyandama, kuti madzi akakwera chikwere nawo, akaphwa muchikokere kumene madzi apita. Ndipo m'malo mwa mlatho, alendo azikwera bwato. Munthu wokankha bwato ndi nsungwi mwakachetechete amafika pafupi ndi kakowa kuposa woyenda pa matabwa. Opalasa akhale omwewo otchera, kuti ndalama imene akanapeza pa msampha aipeze pa mlendo.

Chisomo ku Chanco: Mfundo ya choyandamayi ndi yaikulu kuposa mmene ikumvekera. Chilwa ndi nyanja yosaya, m'malo ambiri munthu amafika pansi ndi nsungwi, ndiye gombe lake limayenda. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atagona pa dothi louma ku Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi movutikira m'matope. Tikakhoma zikhomo lero n'kunena kuti malo otetezedwa ndi kuyambira apa mpaka apo, chaka cha chilala zikhomozo zidzakhala pa fumbi, mbalame zili makilomita angapo kutsogolo. Ndikupempha kuti pa pepala tilembe malire a mitundu iwiri. A kumtunda akhale okhazikika, tidzalepo mitengo. A kumadzi aziikidwa chaka ndi chaka mvula ikayamba, ndi kalabu ya osaka pamodzi ndi amfumu, potsata pamene mbalame zamanga.

Mai a Tadala: Apa ndiye ndiime kaye, mwana wanga Chisomo. Malire oyendawo adzayenda mpaka m'munda mwanga? Chifukwa nyanja ikaphwa ife timatsatira chinyezi, timadzala mpunga ndi chimanga cha dimba kumene madzi achoka. Mu 2018 anthu ambiri anapulumukira pamenepo. Ndipo tinene zoona, mbalame zanuzi si zonse zabwino kwa mlimi. Mpunga ukayamba kucha, mpheta zimabwera ngati utsi, ana amajomba kusukulu kukaingitsa. Abakha a m'madzi amatera usiku n'kugwetsa mpunga. Ine Kilombero wanga ndimamulondera ndi zitini pa chingwe kuyambira m'bandakucha. Ndikuvomera kuti zisa zitetezedwe, koma palembedwe poyera kuti minda imene ilipo kale sikhudzidwa, ndipo mlimi ali ndi ufulu woingitsa mbalame m'munda mwake.

Mlembi wa Amfumu: Zikomo nonse. Amfumu ndawafotokozera mmene nkhani ikuyendera. Akuti minda imene anthu akulima kale palibe adzailande, Mai a Tadala mtima ukhale m'malo. Chimene akukana ndi kutsegula minda yatsopano mkati mwa chigawo chimene mudzi udzagwirizane. Akutinso nkhaniyi sithera pa iwo, iyenera kukafika kwa a Gulupu ndi kwa a T/A, chifukwa dambo silidziwa malire a midzi, ndipo anthu a mudzi woyandikana nawo amadyetsa ng'ombe kumeneko chilimwe. Tikawasiya monga tinasiyira Che Saidi, tidzaitanidwa ku bwalo la milandu m'malo mwa bwalo la mpira. Palinso lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe likuzindikira malo ogwiritsa ntchito anthu onse monga madambo ndi modyetsera ziweto. Tikufuna malowa alembedwe choncho, kuti mfumu ina ya mtsogolo isadzagulitse kwa munthu wa ndalama.

NaBanda wa Zaumoyo: Mfundo yomalizayo ndiyo inkandisowetsa tulo. Malo akakongola, ogula amabwera.

Yamikani ku Joni: Nanga ndalama za alendo azisunga ndani? Ndikufunsa chifukwa tinasonkhapo kale za chitukuko china, ndalama zinalowa m'thumba la munthu mmodzi, mpaka lero sitinaone ngakhale lisiti. Sinditchula dzina, nkhaniyo inapita. Koma ulendo uno anzanga a kuno andifunsa funso limeneli ndisanamalize kulankhula.

Aphunzitsi Mbewe: Funso loyenera. Maganizo anga ndi awa: akaunti ya kubanki ya osaina atatu, mmodzi wa kalabu ya osaka, mmodzi wa amayi a mpunga, mmodzi wa mpira. Ine ndisakhalepo, amfumu asakhalepo. Mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pa chitseko cha sukulu ndi kujambulidwa pagulu lino. Koma ndichenjeze, tisawerengere alendo ngati kuti afika kale. Msewu wochokera ku Zomba nthawi ya mvula mukuudziwa, ndipo nthawi imene mbalame zimachuluka ndi yomweyo imene galimoto zimatitimira. Alendo oyamba adzakhala ana a sukulu za kuno konkuno ndi makalabu a zachilengedwe a m'masukulu a ku Zomba. Amenewo salipira zambiri. Tikalonjeza otchera kuti bwato lidzalowa m'malo mwa msampha chaka choyamba, tidzakhala tawanamiza.

Mdzukulu wa Che Saidi: Agogo akuti aphunzitsi mwanena chilungamo, ndipo chifukwa cha chimenecho akukhulupirirani. Akuti iwo sakupempha kuti kutchera kuthe dambo lonse. Akupempha zinthu izi: chigawo cha kuchokera pa mtengo wa mgwalangwa mpaka pa khwawa la kumpoto chisalowedwe ndi msampha, legeni, mfuti, galu kapena moto chaka chonse. Kunja kwa chigawocho anthu a kalabu azitchera, koma mazira ndi anapiye ayi, maukonde a udzudzu ayi. Akuti mbalame zikaswana bwino mkatimo zimasefukira kunja, wotchera amapindula. Anaziona ndi maso pamene malo ena anasiyidwa zaka ziwiri chifukwa munali mvuu, chaka chachitatu m'mphepete mwake munadzaza nthutuwiri.

Akutinso za njedza: amayi oluka mphasa ndi omanga zimbowera azidula, koma chilimwe mbalame zitatulutsa ana, ndipo azidula mosiyasiya, osati kumeta dambo lonse.

Mai a Tadala: Zimenezo ndavomera. Ndipo mvuu zatchulidwazo muziike pa pepala. Bwato la ana a sukulu lisamapite madzulo.

Kochi wa Anyamata: Chabwino, ndagonja pa za malo. Tipita kuseri kwa sukulu. Koma ndipemphe zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito yozula zitsa iyambe mwezi uno, isadikire pepala la ku ADC, chifukwa anyamata akamva kuti bwalo lasamuka ndipo palibe chikuchitika adzati mbalame zawalanda malo, ndipo mawa mudzapeza moto m'njedza. Chachiwiri, Che Saidi atenge anyamata anga anayi awaphunzitse mayina a mbalame ndi kuyendetsa bwato. Ambiri a iwo amadziwa nkhwazi ndi kakowa basi, nantchengwa amangomuopa chifukwa cha nthano za agogo awo.

Mdzukulu wa Che Saidi: Akuti abwere, koma adzuke. Mbalame sizidikira munthu wodzuka dzuwa lili pamutu. Akuti ayambe ndi kuphunzira kukhala chete m'bwato.

Chisomo ku Chanco: Ine ndibwera Lachisanu madzulo. Ndibwereka zoonera patali ziwiri ndi buku la zithunzi za mbalame, kuti mayina a agogo tiwalembe pambali pa a m'buku. Ndikufunanso tiyambe kuwerenga mbalame kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi monga amachitira owerenga mbalame za m'madzi m'maiko ena a mu Africa, pamalo amodzimodzi, anthu omwewo, m'kope limodzi. Popanda kope limenelo, pakatha zaka zitatu wina adzati zachuluka, wina adzati zachepa, ndipo tidzangokangana. Ndingapitenso ku ofesi ya za chilengedwe ya boma ku Zomba kukafunsa ngati ntchito yaing'ono ngati iyi ikufunika chilolezo chawo tisanakumbe chilichonse.

NaBanda wa Zaumoyo: Funsaninso za mjigo muli komweko. Ndipo a ng'ombe aja a mudzi winawo ndani akawauze? Nkhani imeneyo tangoidumpha. Chilimwe ng'ombe zimalowa mpaka pa mgwalangwa pomwe agogo akuti payambire malire.

Mlembi wa Amfumu: Imeneyo ndi ya mafumu okhaokha, sitingaithe pa foni. Amfumu atumiza nthenga mawa kwa anzawo kuti adzakhale nawo Loweruka. Sindikulonjeza kuti avomera, chifukwa madzi omwetsa ng'ombe mu Okutobala amatsala kumeneko kokha. Mwina padzafunika kusiya mpata woti ziweto zizidutsa kukamwa.

Mdzukulu wa Che Saidi: Agogo akuti mpatawo ulipo, kum'mwera kwa khwawa, nthaka yake ndi yolimba ndipo mbalame sizimangako. Adzawaonetsa.

Aphunzitsi Mbewe: Ndiye tigwirizane chonchi. Loweruka tikumane pa mgwalangwa 5 koloko m'mawa, Che Saidi atsogole, tiyende malire onse ndi mapazi mpaka pamene madzi atilole, kotsalako ndi bwato. A Kochi bwerani ndi anyamata ndi makasu, tikachoka kudambo tikaone zitsa. Mai a Tadala, itanani amayi onse amene minda yawo yagundana ndi dambo, aliyense adzaloze yekha pothera munda wake. Pepala sindilemba mpaka titabwerako. Valani nsapato zoti zinyowe.

Mai a Tadala: Tidzafika. Ndidzaphika mbatata za oyenda, koma wina abweretse ndowa ya madzi akumwa a pa mjigo, a m'dambo asamwe munthu.

Yamikani ku Joni: Mundijambulire mgwalangwawo ndi zitsazo, ndiwaonetse anzanga kuno Lamlungu tikakumana.